Loko wa intercom akungonjenjemera osatsegula geti? Yezani waya musanakwirire

Geti likutseguka tsopano, koma masiku awiri apita pachabe chifukwa cha waya, ndipo ngalande ya mamita 70 yakumbidwa kawiri. Ndiye amene muli pa ntchito yoika intercom ya mawu okhaokha, ija yokhala ndi panel pa geti ndi foni m'nyumba, mvetserani.

Zomangirira panel pa khoma ndi kuboola mabowo ndikudumpha, mukuzidziwa. Chofunika ndi kudziwa zomwe waya aliyense akunyamula. Pa mtundu umene ndimaika, mawaya olankhulira ndi kuitanira alipo asanu. Wina amatenga mawu kuchokera ku maikolofoni ya pa geti kupita ku khutu la foni. Wina amabweretsa mawu a m'nyumba ku sipika ya pa geti. Wachitatu ndi common, njira imene magetsi onse amabwererapo. Wachinayi ndi wa belu, wachisanu wa batani la loko. Foni ikakhala pa malo ake, kaswitchi ka pansi pake kamadula njira za mawu, n'chifukwa chake wa pa geti samva zokamba za m'nyumba. Mawuwa amayenda ndi timagetsi tochepa kwambiri, choncho waya wowonda amawakwanira. Loko ndi nkhani ina, ndipo vuto lonse linagona pamenepo.

Mkati mwa loko muli koyilo imene imakoka kachitsulo magetsi akadutsa. Ya loko uyu ndi ya ma ohm 12 (ohm ndi muyeso wa mmene chinthu chimakanira magetsi kudutsa), kutanthauza kuti pa 12V imafuna 1A. Power supply, kabokosi kopereka 12V ija, inali m'nyumba, ndiye magetsiwo amayenda mamita 70 kupita, 70 kubwerera, onse pamodzi 140. Kebulo imene ndinakoka inali CAT5, ya mawaya owonda yolumikizira makompyuta. Waya mmodzi wa mu CAT5 ya kopa weniweni amakhala ndi pafupifupi ma ohm 9 pa mamita 100, choncho ulendo wonsewo ndi ma ohm 13. Loko amatsala ndi 6V yokha. Ngakhale waya akhale wabwino, mtunda umenewu sungatheke ndi waya mmodzi wowonda chotere.

Koma amene ndinagulitsidwa sanali kopa n'komwe. Pa katoni panalembedwa CAT5, wogulitsa anandiuza maso ali gwa kuti ndi kopa, mtengo ndinalipira wa kopa. Nditapala ndi mpeni, m'kati munatuluka zoyera: aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pamwamba pokha, uja amamutcha CCA. Nditalumikiza mawaya awiri kumapeto kwina n'kuyeza kuno, ndinapeza ma ohm 20. Pa loko pamafika 4.5V. Ndinabwerera ku sitolo ndi chidutswa m'manja, yankho linali loti waya wodulidwa sabwezedwa. Tsiku lonse linathera pa kauntala imeneyo ndi m'minibasi. Palani waya musanapereke ndalama. Kapena yatsani machesi pa nsonga yake: CCA amafewa n'kugwa, kopa amangoda n'kukhala chiimire.

Ndabwerera m'mbuyo pang'ono, chifukwa ndisanafike pa waya ndinali nditasintha kale foni ndi loko, zonse zabwinobwino. Chinandinyenga ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Nditachotsa loko n'kuyeza pa mawaya ake, inaonetsa 12V yokwanira. Multimeter sikoka magetsi oti n'kutchula, ndiye waya woipa ndi wabwino amaoneka chimodzimodzi pamaso pake. Yezani loko ali wolumikizidwa, wina akudina batani m'nyumba. Nambala ikagwa kuchoka pa 12 kufika pa 5, musakhudzenso foni, vuto lili mu waya kapena pa joini.

Mankhwala ake anali kukoka waya wina wa mitsempha iwiri wa 1.5mm² wa loko yekha. Pa mamita 140 amenewo amadya ma ohm osakwana 2, ndipo pa loko panafika 10.5V, n'kumveka "tha!" kamodzi, geti psuu. Ngati pa geti pali kale magetsi, njira ina ndi kuika power supply ndi relay (kaswitchi koyendetsedwa ndi timagetsi tochepa) pomwepo, kuti waya wowonda azingonyamula timagetsi ta relay. Loko wa DC (magetsi oyenda mbali imodzi, monga a batire) muikireni diode ya 1N4007, kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, pa miyendo yake, mbali ya mzere ikuyang'ana ku positive, chifukwa koyilo ikadulidwa magetsi imabweza volteji yaikulu imene imaotcha za m'panel. Pa loko wa AC (magetsi osinthasintha mbali) musaike diode imeneyo.

Panalinso phokoso long'ung'uza m'foni. Amene anakumba ngalande poyamba anaika waya wa intercom m'payipi imodzi ndi wa 230V wa nyali za pa geti, ndiye kung'ung'uza kwa 50Hz kwa magetsi a nyaliwo kumalowa m'mawu. Waya wa intercom akhale m'payipi yakeyake, yotalikirana ndi ya magetsi masentimita 30 kapena kuposa, ndipo podutsana zidutsane mopingasa. Mu kebulo ya mawaya opotana awiriawiri, waya aliyense wa mawu akhale ndi common ngati mnzake wopotana naye. Mukamva mluzu wakuthwa, umenewo ndi wosiyana ndi zimenezi: ndi mawu a sipika akubwereranso ku maikolofoni. Tsitsani tima volume tiwiri ta kuseri kwa panel pang'onopang'ono mpaka usiye, ndipo onani ngati labala wozungulira maikolofoni wakhala bwino.

Joini musaisiye pansi pa dothi. Mvula yoyamba madzi amalowa m'payipi, waya amachita zobiriwira, belu n'kuyamba kulira lokha usiku. Ikhale m'kabokosi pamwamba, mabowo ake otsekedwa ndi silicone kuti nyerere zisamangemo. Batire ya 12V 7Ah pa power supply yokhala ndi chaja imathandiza magetsi akazima.

Ndipo ndibwerezanso: yalani waya yense pamwamba, lumikizani zonse, dinani batani la loko kangapo multimeter ili pa loko. Dothi libwerere m'ngalande pokhapokha mwaona 10V kapena kuposa.