Kanyale ka usiku kochokera ku mabatire otha a wailesi

Mwana wathu wachiwiri sagona mumdima. Ali ndi zaka 4 ndipo ukangozimitsa nyale amayamba kulira kuti pakhomo paima chinthu, ndiye kwa nthawi yaitali tinkangosiya koloboyi akuyaka pampando pafupi ndi bedi mpaka agone, kenako mmodzi wa ife nkudzuka kukazimitsa. Tochi tili nayo koma kuisiya ikuyaka usiku onse mabatire sachedwa kutha, komanso imawala kwambiri mwana mmalo mogona amayamba kusewera ndi zithunzithunzi pakhoma.

Tsiku lina mu Juni kukuzizira kwambiri tonse tinagona tulo tofa nato. Ndinadzidzimuka ndi fungo la pulasitiki wopserera, neti ya udzudzu inali itatsetsereka mbali imodzi nkukhudza lawi, pabooka bowo loti nkupisapo dzanja ndipo ikudontha ngati phula. Mai a kunyumba anangomunyamula mwana nkutuluka naye panja osayankhula kanthu. Nyumba yathu kuno mbali ya ku Chamama ndi yofolera udzu ndipo mchipinda chinacho munali mabelo a fodya odikira kupita ku msika wa fodya wa Chinkhoma, ndiye ganizani nokha. Kutacha anangondiuza kuti "Bambo, koloboyi uyu asalowenso kuchipinda, pezani njira ina." Ndinalibe choyankha chifukwa amanena zoona.

Njirayo ndinakaipeza pa Kasungu boma kwa achimwene ena okonza mawailesi ndi mafoni pafupi ndi msika. Nditawafotokozera anatsegula kabokosi kodzadza ndi zidutswa za matochi akufa, nkuzula kababu kamodzi ka LED, kaja kooneka ngati kamkanda koyera kokhala ndi timiyendo tiwiri, nkundiuza kuti "Achimwene, nyale yogonera sifuna mababu khumi, kamodzi aka basi nkokwanira." Anandifunsanso kuti mabatire a wailesi akatha mumawatani, ine nkuti timataya kudzala kapena ana amatola nkumaseweretsa. Apa mpamene ndinaphunzira chinthu chomwe ndikufuna ndikuuzeni lero.

Batire lalikulu lija timaika mu wailesi, kaya Tiger Head kaya mtundu wina, likakhala latsopano limatulutsa mavoti 1.5. Wailesi ikayamba kulira mokoka mau ife timati latha, koma zoona zake silinatheretu, nthawi zambiri limakhala lidakali ndi voti imodzi ndi kakanthu pamwamba, kungoti silingathenso kukankha sipika. Kababu koyera ka LED kamafuna mavoti pafupifupi 3 kuti kayake ndipo kamadya moto wochepa zedi. Ndiye mukatenga mabatire atatu otha aja nkuwandandalika mutu wa ili kukhudza kumbuyo kwa linzake, mphamvu zija zimaphatikizana nkufika pa 3 nkupitirira pang'ono, kababu nkuyaka bwinobwino. Sikuwala koti nkuwerengera buku ayi, koma uona pomwe pali chitseko, pomwe pali ndowa, komanso nkhope ya mwana.

Mmene ndinapangira ndi chonchi. Ndinadula nsungwi yoti batire nkulowa bwino, kutalika kwake kokwana mabatire atatu, mbali imodzi ndinasiya mfundo kuti ikhale ngati tsinde ndipo pa mfundopo ndinaboola ndi msomali wootcha pa mbaula kuti padutse waya. Ngati kwanu nsungwi kulibe pindani katoni mozungulira mabatirewo nkumanga ndi malegeni, zimagwira chimodzimodzi ndipo malegeniwo amathandiza kufinya mabatire kuti azikhudzana. Waya ndinasenda ku chaja ya foni yakufa, mkati mwake mumakhala timawaya tiwiri kapena tinayi tofewa bwino. Kunsonga kwa waya wapansi ndinakulungako kapepala konyezimira ka mu paketi kuti batire likhale potakata, kenako waya winayo pamutu pa batire lapamwamba nkumanga ndi legeni.

Pomwe anthu ambiri amasokonezeka ndi pa timiyendo ta kababu. LED siili ngati babu lakale la tochi lomwe umalumikiza mulimonse nkuyaka. Kamwendo kakatali kamapita ku pulasi, kumutu kwa batire kuja kuli kachotupa, kakafupi kamapita kumbuyo. Ngati timiyendo tadulidwa kale mofanana yang'anani m'mphepete mwa kamkandako, mbali yomwe ili yophwatalala ndiyo ya mainasi. Kakapanda kuyaka musafulumire kutaya, tembenuzani kaye. Ine ndilibe chootcherera ndiye ndinangopota waya pa kamwendo nkumata selotepi, mwendo uliwonse pawokha kuti isakhudzane, chifukwa ikakhudzana mabatire amatentha nkutha nthawi yomweyo.

Switchi sindinagule. Ndinadula kachidutswa ka katoni kolimba komwe ndimakalowetsa pakati pa waya ndi mutu wa batire, ukasolola nyale yayaka, ukabwezera yazima. Ndinakamangirira ku nsungwi ndi ulusi kuti kasasowe poti kakagwa pansi mumdima simungakapeze.

Koma chenjerani ndi mabatire atsopano. Atatu atsopano ndi mavoti 4.5 ndipo kababu kamodzi kamawala kwambiri kwa kanthawi kenako nkupserera, kanga koyamba kanafa chomwecho. Mankhwala ake ndi ka resistor, kachipangizo kochepetsa moto wopita ku kababu, kaja kooneka ngati kambewu ka mpunga kokhala ndi mizere ya mitundu, mumakalumikiza pa mwendo umodzi wa kababu, ulionse. Achimwene aja anandipatsa ka 220 ohms (umenewu ndi muyezo wake), mizere yake ndi yofiira iwiri kenako wa bulawuni, anakazula mu wailesi yakufa ndipo sanandilipiritse nkomwe. Ndi kameneka mutha kuika mabatire atsopano kapena otha opanda nkhawa, ndipo moto umapita pang'onopang'ono. Kwathu mabatire otha a wailesi amatifikitsa masabata angapo nyale ikuyaka usiku ulionse, kuwala kumangochepa pang'onopang'ono mpaka udziwa wekha kuti yakwana nthawi yosintha.

Chomwe chinasandutsa chinthuchi kukhala nyale yeniyeni ndi chovindikira. Kababu kopanda kanthu kamalasa mmaso ngati singano ndipo kamaunika malo amodzi okha. Ndinayesa botolo la Sobo koma ndi loonekera mkati, silinathandize kwenikweni. Kenako mai a kunyumba anatenga kabotolo koyera ka mafuta odzola komwe kanatha, nkukatsuka ndi madzi otentha, nkuchotsa chipepala chakunja nkukavundikira pamwamba pa nsungwi. Eee, chipinda chonse chinangoti mbuu kuwala kofewa ngati mwezi ukamatuluka. Mwana uja anakhala tsonga pabedi nkufunsa kuti "Adadi, mwaika mwezi m'botolo?" ndipo usiku umenewo anagona akuyang'ana komweko, dzanja lili pa tsaya.

Ndinadzasinthanso kababu nkuika kachikasu komwe ndinazula pa chidole chakufa. Kwa ine kachikasu kapena kofiira ndiye kabwino kogonera, koyera kaja kamapita ku buluu ndipo kamachotsa tulo, komanso tizilombo touluka timakonda kuunjikana pa koyera kuposa pa kachikasu. Kofiira kamafuna mavoti pafupifupi 2 okha ndiye mabatire awiri akukwana, koma resistor musaiwale.

Nyale yachiwiri ndinapangira amayi anga omwe amagona nyumba yapafupi, maso anayamba kuchita mdima ndipo usiku amadzuka kawiri katatu kupita kuchimbudzi. Kale ankafufuza machesi mumdima, tsiku lina anapunthwa pa mtondo nkutupa bondo sabata yonse. Yawo ndinaipachika pa msomali pafupi ndi chitseko ndipo ndinaika chingwe choti azinyamulira potuluka. Poyamba ankakana eti "Mwana wanga, usaononge ndalama pa ine, ndinazolowera mdima," nditawauza kuti ndi mabatire otaya aja mpamene analola. Pano ikayamba kufooka amatuma mdzukulu kudzandiuza.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zoposa theka m'Malawi muno zimaunikira ndi mabatire, za magetsi zinali pafupifupi 11 pa 100 zilizonse, ndiye mabatire otha ali mbwee mmidzi mwathumu, pakhomo lililonse pali wailesi kapena tochi. Ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kandulo ndi palafini sizogula mwachisawawa, kandulo imodzi siifika nkomwe mbandakucha. Ngakhale inu a mtauni amene muli ndi magetsi mukukumbuka mmene zinalili mu 2022 namondwe wa Ana ataononga ku Kapichira, mdima unali ponseponse miyezi yambiri, kanyale kotere sikafuna kudikira kuti magetsi ayake kuti mutchaje.

Pali zingapo zomwe ndikupemphani musachite. Batire lomwe layamba kutuluka madzi kapena zoyera ngati mchere musaligwiritse ntchito, zimadya waya komanso zimayabwa pakhungu, likwirireni kutali ndi chitsime ndi pomwe ana amasewera. Musamaike mabatire pamoto kuti eti abwerere mphamvu, amaphulika. Ena amagwiritsa mabatire a foni, aja a lithium a mavoti 3.7, amawala bwino inde koma lomwe latupa ndi loopsa, likabooka limayaka moto wovuta kuzimitsa, ine mnyumba ya udzu sindingaike. Ndipo timabatire tating'ono tozungulira ngati ndalama tija, ta mu mawotchi ndi zidole, tisakhale pomwe mwana angafikire chifukwa akameza timaotcha kummero mkati mwa maola ochepa, zikatero thamangirani naye kuchipatala osadikira kuti kuche.

Aneba athu ataiona anabwera ndi mabatire awo asanu ndi limodzi mu jumbo, tinakhala pakhonde Lamlungu masana nkupanga ziwiri, mnyamata wawo wa Sitandade 7 ndi amene ankapota mawaya ndipo yachiwiriyo anamaliza yekha ine ndikungoyang'ana. Mababu atithera tsopano, Loweruka ndikapita ku boma ndikatenganso ena kwa achimwene aja, ndi ma resistor omwe.