Katemera wa agalu anali m'galimoto, wa gogo panalibe

Bungwe lomwe ndimagwirako linayamba ndi chuma chimene mayi wina wakunja anasiya pomwalira, n'kulamula kuti chizithandiza okalamba ndi ziweto. Ndiye matumba athu alipo awiri, la agogo ndi la nyama. Anzanga a m'mabungwe mukudziwa kale kuti ndalama ya thumba ili siilowa m'thumba linalo popanda kalata ya akuluakulu oyang'anira chumacho, ndipo iwo amakumana mwa apo ndi apo.

Sabata ino, Lolemba ndi Lachiwiri zinali za nthawi zonse: kugawa likuni phala, sopo ndi zofunda, kulemba mayina a agogo oyenera kulowa mu Mtukula Pakhomo, kumva za maondo ndi maso omwe akuchita khungu.

Lachitatu tinali pabwalo la sukulu kubaya agalu katemera wa chiwewe. Ntchito imeneyi ndimainyadira. Kuyambira 2015 a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies anasonyeza mu Blantyre kuti mukabaya agalu 70 mwa 100 alionse, matendawa amatha mphamvu, ndipo ife timatsata njira yomweyo. Chapamasana kunabwera kamnyamata kali wefuwefu, kuti agogo ake alumidwa ndi galu wachilendo wotuluka dovu kukamwa, amene wathawira kudambo.

Gogoyo ndi mmodzi mwa amene timawathandiza. Tinawapeza atakhala pakhonde, mwendo atamanga ndi kansalu kong'amba ku chitenje, pabala atathirapo phulusa. Mano anali atalowa ndithu pakatumba. Tinatsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, iwo akungoti, "Mwanawe, usavutike nane, pola pokha apa." Ndinawayankha kuti, "Ayi agogo, chiwewe chikangoonetsa zizindikiro, palibenso dokotala angakubwezeni."

Pachipatala chaching'ono chapafupi anati katemera wa anthu alibe, tipite kuchipatala chachikulu cha m'boma. Nditaimba foni kuofesi, yankho linali lakuti mafuta ali m'galimotoyo ndi a thumba la nyama, ndipo la okalamba mbali ya maulendo inatha kale. Anati achibale apeze kabaza. Gogo wazaka zoposa 80, mwendo ukuchucha magazi, akwere njinga pamsewu wa mabampu! Achibale ake ndi kamnyamata kaja basi. Mtima unandiwawa kwambiri poona bokosi lodzaza katemera wa agalu kumbuyo kwa galimoto, pamene munthu amene dzina lake lili m'kaundula wathu akumanidwa mpando wakutsogolo.

Adalaivala athu sanayankhule zambiri. Anangoti, "Anyamuleni tizipita." Jakisoni woyamba anabayidwa madzulo omwewo.

Lachinayi tinamaliza agalu otsala ndi kuchenjeza mudzi wonse kudzera kwa amfumu. Lachisanu ndinapeza kalata pa desiki yondifunsa kuti ndifotokoze makilomita owonjezera. Ndinafotokoza, ndipo ndinawonjezera pempho lakuti pakhale kandalama kapadera ka ngozi ngati izi, chifukwa wolumidwa ndi galu amakhudza matumba onse awiri. Mayi anasiya chumacho sindikhulupirira kuti ankafuna kuti tizisankha pakati pa gogo ndi galu.

Katemerayu sathera pa jakisoni mmodzi. Gogo ayenera kubwererako pakatha masiku atatu, ndiponso pakatha masiku asanu ndi awiri, kuchokera pa jakisoni woyamba. Ulendo wa Loweruka tasonkherana tokha ogwira ntchito, amfumu nawonso aponyapo kangachepe. Wa sabata yamawa ofesi sinayankhebe.