Kukwera ku Angónia, Kukaphunzira Nkhalango ndi Ana a Sukulu

Alamu anga amaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi phiri la Dómuè, m'boma la Angónia. Kuno ku Mozambique sukulu zimatsegulidwa mu February, mvula ili pakati, ndipo iwo ali ndi chizolowezi chotulutsa ana m'kalasi nthawi imeneyi kuti akaone tchire ndi maso awo. Atandiitana sindinachedwe.

Ndinakwera shapa (minibasi) mumzinda wa Tete mbandakucha, dzuwa la m'chigwa cha Zambezi lisanayambe kuwotcha. Tinadutsa ku Moatize kwa malasha, milambe ili apo ndi apo, mpaka pa mphambano ya Mussacama pomwe msewu umapatukira ku Ulónguè, likulu la boma la Angónia. Ndi ulendo wa makilomita oposa 200. Mukamakwera mtunda milambe imatha, mphepo imayamba kuzizira, minda ya chimanga, nyemba ndi mbatatesi n'kuyala mbali zonse. Chomwe sichinathe m'mbali mwa msewu ndi matumba a makala, oimikidwa mondondozana kudikira magalimoto opita kumzinda.

Kutacha, ana anafola panja, ena atavala majuzi, ambiri nsapato alibe. Alamu sanatsogolere okha. Anali atapempha agogo ena a m'mudzimo, mayi amene wakhala akuzula bowa kuyambira utsikana wake, kuti apite nafe. Apa m'pamene ndinaona nzeru yawo. Buku la kalasi limanena za zomera ndi nthaka, inde, koma silidziwa kuti pakhonde pa phiri ili pamamera chiyani mwezi uno.

Tisanafike patali agogo anaima pa chulu, n'kuloza ndi ndodo.

“Adzukulu, apa pamatuluka bowa wanji?”

“Utale, agogo!”

“Nanga manyame mungawapeze apa?”

Ana anayang'anizana. Agogo anatitengera kumtunda pang'ono, kumene kwatsala mitengo ya mombo, tsamba ndi misuku. Anagwada, n'kupalasa masamba owola ndi dzanja pang'onopang'ono, ndipo pansi pake panaoneka manyame achikasu, anyowa ndi mame. Kamtsikana kena kanafuna kukumba ndi kamtengo, iwo n'kukagwira mkono: “Iyayi mwanawe, usafukule dothi. Ungothyola, ubwezeretse masamba.”

Kenako alamu anawonjezera za m'buku. Utale umalimidwa ndi chiswe mkati mwa chulu, n'chifukwa chake suchoka pa chulu. Koma manyame, chipindi ndi ndelema amakhala molumikizana ndi mizu ya mitengo ya miombo. Bowayo amathandiza mtengo kuyamwa madzi ndi michere ya m'nthaka, mtengo nawo n'kumamugawira chakudya chomwe masamba apanga. Mukadula mitengoyo, bowa ameneyu amapita nayo limodzi, ndipo simungamudzale m'dimba ngati mpiru. Agogo anangogwedeza mutu. Iwo anaziona kalekale kuti pomwe pawotchedwa makala, chaka chotsatira dengu limabwera lopanda kanthu. Chifukwa chake n'chomwe anali asanamvepo, ndipo anafunsa kawiri kuti amvetse bwino. Zinandikhudza kuona gogo ndi mphunzitsi akupatsana mbali zomwe wina analibe, ana ali tcheru pakati pawo.

Agogo anachenjezanso mwamphamvu kuti mwana asazule bowa yemwe sanamuonetsedwe ndi munthu wamkulu, poti wina wakupha amafanana ndi wodyedwa.

Tili pamtunda paja, dera lonse linkaoneka bwino: minda yokhayokha mpaka uko ku malire a Calómuè, kumene msewu umalowera ku Dedza. Alamu anauza ana kuti aloze malo amene pali mitengo italiitali yowirira. Zala zonse zinaloza malo ofanana, kumanda. Kumeneko sitinapiteko, si malo a ana. Koma funso linafunsidwa: bwanji mitengo yakumanda yokha ndiyo yatsala? Mnyamata wina anayankha kuti chifukwa nkhwangwa siloledwa kulowako popanda afumu. Ndikhulupirira kuti phunziro lonse la kasungidwe ka nkhalango linali m'yankho limenelo, ndipo linachokera pakamwa pa mwana amene sanawerenge buku lililonse la zimenezi.

Potsika tinadzera kudambo. Apa alamu anachita kanthu kosavuta: anathira madzi a m'chigubu pa dothi lambee, ena n'kuthira pa dothi la udzu. Oyamba anathamanga ali ofiira, atanyamula nthaka. Achiwiri analowa pansi mwakachetechete. Madzi a kumtunda kuno amatsikira mu Revúbuè, womwe umakathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete, ndiye matope omwe timawaona kumunsi kuja ndi minda ya anthu akuno.

Pa nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza kunali mfuu yakuti wophunzira aliyense adzale mtengo, mfumu iliyonse ikhale ndi nkhalango. Cholinga chinali chabwino, ndipo bulugamu ndi mitengo ya zipatso ili pa sukulu zambiri. Komatu pansi pa bulugamu simuzulapo manyame. Chomwe ine ndingakonde kuti ana aphunzitsidwe kwambiri n'chomwe tinaona pomaliza: zitsa za mombo zomwe zinadulidwa, zikuphukanso nthambi zanthete zofiirira. Miombo imadzibwezeretsa yokha kuchokera ku zitsa ndi mizu, bola moto wolusa wa mu September ndi October usapsereze mphukirazo, mbuzi nazo zisazibudule. Sipafunika mbande zogula kapena machubu.

Madzulo ake alamu ndi agogo aja anapita kwa afumu kukapempha kachigawo ka zitsa kameneko kuti kakhale m'manja mwa sukulu. Ndinawaperekeza. Afumu anamva nkhani yonse, anafunsa za malire ndi munda woyandikana nawo, ndipo anati adzaitanitsa eni munda kuti akambirane. Akavomera, ana adzalambula njira yotchinga moto mu June udzu ukayamba kuuma, ndipo nthambi zofooka pa chitsa chilichonse adzazipatulira kuti zotsalazo zikule msanga.