Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Chaka cha Kolera

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene ananditumiza ku Lusaka ngati namwino wa asilikali. Kuno ndinagwera m'manja mwa a Kenolo, mayi wosalankhulalankhula, amene dzina lawo ndilisunga. Lolemba lililonse ankalowa okha musitolo ya mankhwala, buku lili m'manja, n'kumawerenga madiripi, magolovesi ndi mapaketi a ORS, ufa wosungunula m'madzi wobwezeretsa madzi m'thupi. Botolo lililonse ankalitembenuza kuti aone tsiku lotha ntchito. Ambulansi ankafuna kuimva ikulira, mafuta ali odzaza, ngakhale kulibe wodwala. Anyamata ena ankang'ung'udza kuti ntchito imeneyi ndi ya sajeni, si ya munthu wa nyota zake.

Kolera inabuka mu Okutobala 2017, n'kukhazikika m'makomboni monga Kanyama ndi Chipata, komwe zitsime zosaya zimayandikana ndi zimbudzi. Mvula itayamba zinthu zinafika poipa. Kumapeto kwa Disembala, Pulezidenti Edgar Lungu analamula asilikali kuti athandize. Anthu ambiri amakumbukira a Zambia Army, Zambia Air Force ndi Zambia National Service akusesa m'tauni, malonda a m'misewu ataletsedwa, sukulu zitachedwa kutsegulidwa. Ife tinapita ku National Heroes Stadium, bwalo la mpira lomwe linasanduka chipatala.

Amene sanaonepo kolera sangamvetse liwiro lake. Munthu wadzuka bwinobwino m'mawa, pofika madzulo maso alowa m'kati, khungu ukalitsina silibwerera, mtsempha sukupezeka. Mankhwala ake enieni ndi madzi: ORS kwa amene angathe kumwa, diripi ya Ringer's lactate kwa amene wafookeratu. Bedi lake ndi lobowola pakati, ndowa pansi. Klorini tinkasungunula mitundu itatu: 0.05% yosamba m'manja, 0.2% yokolopera ndi kutsukira mabedi, 2% yothira m'ndowa ndi pa matupi a omwalira. Gulu lathu silinafunike kuphunzira zimenezi pabwalo. A Kenolo anali atatiyeserera kambirimbiri kukadali bata, mpaka manja ankangodziwa okha.

Usiku wina anandipeza ndikulimbana ndi mtsempha wa kamwana, agogo ake atagwada pambali. Sanandilande singano. Anagwada nawo n'kugwira kamkonoko, nati, "Agogo, limbani mtima, mdzukulu wanu ali m'manja abwino. Sisita, yesaninso apa." Singano inalowa. Atatero anandilamula kuti ndikadye ndi kugona, chifukwa ndandanda yopumira ankaisunga molimba ngati ya mankhwala. Mpaka lero ndimaona kuti umenewu ndiwo unali utsogoleri wawo waukulu: ankadziwa amene sanadye, amene wasiya khanda kunyumba, amene wayamba kunjenjemera manja.

Mliri utazizira ndinkayembekezera tchuthi kuti ndikaone amayi ku Katete. M'malo mwake a Kenolo anandiitana mu ofesi, mafayilo ataunjikana patebulo. Anali a asilikali opita kukasungitsa mtendere ku Central African Republic pansi pa United Nations, ndipo aliyense ankayenera kupimidwa ndi kulandira katemera wa yellow fever asanakwere ndege. Fayilo yapamwamba penipeni inali ndi dzina langa. Za ulendowo ndidzakusimbirani m'gawo lotsatira.