Sabata yachisanu ndi chimodzi ya hook grip, zala zidakalipo

Lero ku jimu ndakoka chitsulo cha makilo 150 ndi hook grip (kagwiridwe kotsekera chala chachikulu pansi pa zala zina), ma rep awiri (kudzutsa kawiri), popanda ma strap (malamba omangira manja ku chitsulo), ndipo chitsulo sichinasunthe n'komwe m'manja. Masabata asanu apitawo 100 yeniyeniyi inkanditulutsa misozi, ndiye ndati ndilembe pomwe ndafika ndisanaiwale, poti ululu ukatha munthu umayamba kunamiza anzako kuti zinali zophweka.

Deadlift, kuja kodzutsa chitsulo pansi mpaka kuima nacho chilili, ndakhala ndikukoka zaka ziwiri tsopano. Poyamba ndinkagwira mmene aliyense amagwirira, zikhatho zonse ziwiri kuyang'ana kwa ine, ndipo zinkayenda mpaka 120. Kupitirira pamenepo chitsulo chinkayamba kugubuduzikira kunsonga za zala, miyendo ndi msana zikufunabe ntchito koma manja akana. Ndinasamukira ku mixed grip, chikhatho china kuyang'ana kutsogolo china kwa ine, ndipo imagwiradi chifukwa chitsulo chikafuna kugubuduzika kuchoka m'dzanja ili, dzanja linalo limachitchinga. Ndinafika nayo 165. Koma tsiku lina ndinadzijambula vidiyo pa foni, aaa zomwe ndinaona sizinandisangalatse. Chigongono cha dzanja loyang'ana kutsogololo chinkapindika pang'ono ndikamakoka, komanso chitsulo mbali imeneyo chinkatalikira mwendo, thupi lonse kukhala ngati likupotoka. Amene amanyamula zitsulo akudziwa kuti biceps, mnofu wa kutsogolo kwa mkono uja, ikamaduka pa deadlift nthawi zambiri imadukira dzanja limenelo, lotembenuzalo, makamaka ukalipinda katundu ali wolemera. Ine za opaleshoni ayi ndithu.

Kwa amene simunayesepo, hook grip ndi yotere: zikhatho zonse zimayang'ana kwa iwe, koma chala chachikulu ndi chomwe chimayamba kukumbatira chitsulo, kenako chala chamkombaphala ndi chapakati zimabwera pamwamba pake n'kuchitsekera. Ndiye chala chachikulu chimapanikizika pakati pa chitsulo ndi zinzake, katundu akamakokera pansi ndi pomwenso chikutsekeka kwambiri. Anthu a snatch ndi clean, manyamulidwe a zitsulo a ku Olympics, pafupifupi onse amagwira chonchi, ndipo ku mipikisano ya powerlifting, komwe deadlift imakokedwa, alipo okoka zolemera zoopsa nayo, monga Brad Gillingham ndi Yury Belkin.

Sabata yoyamba inali ya manyazi. Ndinaika 60, mapuleti a 20 awiri ndi chitsulo cha 20, ndinakoka, ndikuti aaa izi ndiye anthu amalira nazo? Pa 80 ndinayamba kumva. Pa 100 ndinangochidzutsa kufika m'maondo n'kuchisiya, ndinaima ndikugwedeza manja ngati ndagwira moto, zikhadabo zasanduka zoyera kenako zofiira. Usiku wake kumanga mabatani a malaya kunali kovuta, kutayipa pa foni ndinkagwiritsa chala china kkkk. Ndinkaganiza kuti basi ndi mmene zimakhalira, upirire mpaka mitsempha ife, poti ndi zomwe ambiri amanena.

Kulakwa kwanga ndinakudziwa sabata yachitatu, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Mkulu wina amene ndimakumana naye ku jimu m'mawa, wa imvi zake koma amakoka zomwe ine sindinazilote, anandiyang'ana ndikulimbana nazo n'kunena kuti, "Aphwanga, tabwerani ndione mwagwira bwanji." Nditamuonetsa anaseka. "Inu mukufinya chikhadabo, ndiye chisapweteke bwanji? Chalachi chigonekeni motsata chitsulo, musachizungulize chonse, ndipo musamafinye ngati mukukama, chisiyeni chitsulo chikhale chokha."

Zinthu zitatu zinali zolakwika, ndipo zonse zinkadyetsana. Ndinkalowetsa chala chachikulu mozama kwambiri, moti mfundo yake ndi yomwe inkadinidwa ndi chitsulo, fupa pa chitsulo. Zala ziwiri zija zinkatsikira pa chikhadabo penipeni m'malo mokoka chala chonse cham'mbali. Ndipo chitsulo ndinkachiika pakati pa chikhatho ngati mmene ndinkachitira ndi mixed, ndiye katundu akalemera chinkatsetsereka kufuna malo ake enieni kumunsi, n'kukoka khungu ndi chala chomwe popita kumeneko. Panopa ndimayamba ndi kukanikiza mpata wa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala pa chitsulo, chala chachikulu ndimachigoneka mopingasa pang'ono kuti mnofu wake wofewa ndi womwe ukhudze mano a chitsulo, timizere tokhakhala ta pogwirira tija, ndikutseka ndi zala ziwiri, kenako ndimakokera m'mwamba pang'onopang'ono mpaka chitsulo chitakhazikika pomwe zala zimayambira. Chikakhala pamenepo sichipitanso kwina. Chala chachiwiri kuchokera kumapeto ndi kakang'ono kaja zimangothandizira, sizigwira ntchito yambiri.

Za kusafinya zija zinanditengera nthawi kuzikhulupirira, mutu umakana. Umaona ngati ukamasula pang'ono chitsulo chigwa. Koma ayi, mkono umangokhala ngati chingwe chokhala ndi ngowe kumapeto, ndipo ndaona kuti manja akamasuka chonchi amatalika pang'ono, chitsulo chimathera m'munsi pa ntchafu kusiyana ndi kale. Mtunda wokoka wachepa ndi kachidutswa chabe koma pa deadlift kachidutswa ndi kambiri.

China chomwe ndinaphunzira mowawa ndi kudzutsa mwadzidzidzi. Ndi mixed ndinali ndi chizolowezi chongotsomphola chitsulo pansi, ndi hook ukatero chala chimakuuza pompo. Tsopano ndimayamba ndakoka mpaka ndimve kachitsulo kakulira "kete" m'mabowo a mapuleti, thupi lonse lakungika, ndiye n'kukankha pansi ndi miyendo. Ndiye kuti grip yandikonzera ndi kadzutsidwe komwe, zomwe sindinaziyembekezere.

Choko ndi chofunika, osanama. Ndimapaka kuzungulira chala chachikulu chonse mpaka kumbuyo kwake, chifukwa zala ziwiri zija zimagwira pakhungu osati pa chitsulo, thukuta likangolowa pamenepo zimaterereka. Tepi ndinayesa mitundu iwiri. Yolimba yosatamuka ija inandikaniza kupinda chala ndipo inavuka yonse pakati pa seti (ma rep otsatizana) ngati sokosi, yotamuka ndiye yabwino, kuzunguliza kawiri basi, osamanga mothina. Siichotsa ululu wa kupanikizika, imangoteteza khungu kuti lisasupuke. Thuza limodzi ndinali nalo sabata yachiwiri, dzanja lamanzere, linaphulika lokha, pano pamalopo khungu lalimba.

Kunenepa kwa chitsulo nakonso musakuderere. Za amuna za ku Olympics zimakhala mamilimita 28, power bar 29, deadlift bar 27, za akazi 25. Ukamva manambalawo umati milimita imodzi n'chiyani, koma ine zala zanga si zazitali, ndipo pa cha 29 chala chapakati chimangofika movutikira pomwe pa cha 28 chimatseka bwinobwino. Ku jimu kwathu ndachidziwa chomwe chimandiyanja, ndikapeza wina akuchigwiritsa ntchito ndimadikira ndithu, ngakhale azindiyang'ana modabwa.

Mmene ndikuchitira pano: ma seti onse otenthetsera thupi ndi hook, kuyambira chitsulo chopanda kanthu. Seti yolemera ya rep imodzi kapena awiri, hook. Zikafika pa ma rep asanu kupita m'mwamba ndimavala ma strap osachita manyazi, chifukwa potsitsa ndi pomwe chala chimaphwanyika kwambiri ndipo pofika rep yachinayi maganizo onse amakhala ali pa chala osati pa msana. Pali anyamata ena amati ma strap ndi a ofooka, ine ndimangowakumbutsa kuti Eddie Hall, chiphona cha ku Britain, pokoka 500 mu 2016 anavala ma strap, ku mipikisano ya ziphona ya strongman amaloleza, ku powerlifting ndi komwe amakaniza. Kumapeto ndimaika 110 n'kungoima nayo masekondi 15, kawiri, kuti zala zizolowere. Rep iliyonse ndimamasula n'kugwiranso pansi, sindidumphitsa.

Ululu sunathe, ndisakunamizeni. Wasintha chabe, poyamba unali wobaya, pano ndi wa kupanikizika ndipo umatha ndikangosiya chitsulo. Dzanzi lomwe linkakhala mpaka madzulo sabata yoyamba pano kulibe, likanapitirira masiku ndikanasiya kaye, chala si chinthu choseweretsa. Dzanja lamanzere likutsalirabe, pa rep yachiwiri ya 150 lero ndinamva chala chapakati chikufuna kutsetsereka pamwamba pa tepi, mwina ndinazunguliza mpaka kunsonga kwambiri. Lachisanu ndiyesa 155 kamodzi, tepi ndiithera pa mfundo, ndipo foni ndiyiika kutsogolo kuti ndione ngati kupotoka kuja kwathadi.