Ndalama za buku langa zinapita kwa Phiri wina

Ndalama za mabuku anga zalowa sabata ino, ndipo ndati ndilembe mtima usanazizire, chifukwa alipo alembi ambiri a kwa Banda, a kwa Mwale ndi a Phiri anzanga amene zomwezi zikuwadikira.

Buku langa loyamba, la nkhani zifupizifupi, linatuluka ndi dzina langa lenileni. Koma pali bambo ena, nawonso a Phiri, dzina loyamba n'lomwelo, amene amalemba mabuku othandiza ana pokonzekera mayeso, ndipo wotisindikizira ndi mmodzi. Pothawa chisokonezocho, buku lachiwiri ndinalitulutsa ndi dzina lolembera. Nthawi yogawa ndalama itakwana, za buku loyamba zinapita kwa bambo aja. Za lachiwiri zinabwerera kwa wosindikiza, chifukwa anazitumiza m'dzina lolembera, pamene akaunti yanga ili m'dzina la pa chiphaso cha unzika.

Choyamba, musanapite kulikonse, kapangitseni afidaviti. Iyi ndi kalata yolumbira pamaso pa Commissioner for Oaths, kaya ndi loya kaya ndi majisitireti, yonena kuti dzina la pa chiphaso ndi dzina lolembera ndi za munthu mmodzi. Mulembemo nambala ya chiphaso, tsiku lobadwa, mutu wa buku lililonse ndi ISBN yake, manambala 13 aja a kuchikuto chakumbuyo. Mayina amafanana, mitu nayo imatha kufanana, koma ISBN sifanana. Ya ku Malawi imaperekedwa ndi a National Archives ku Zomba, ndipo mabuku athu ambiri mukawayang'ana mupeza 99908 kapena 99960 pambuyo pa 978. Ndipo mupangitse makalata olumbira angapo, lililonse ndi chidindo chakechake, osati limodzi n'kumalijambulitsa.

Zimenezi ndikuzinena chifukwa cha ofesi yowerengera ndalama ya wosindikiza uja. Ine ndimakhala ku Dedza, iwo ali ku Blantyre. Ndinaimba foni, anandiuza kuti nkhani ya ndalama siyokamba pafoni, ndibwere ndekha. Ndinalawirira, ndalama ya basi yongobwereka, n'kufika asanapite kukadya. Mayi wa pakhomo anandikhazika pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, kenaka n'kundiuza kuti bwana amene amasayinira ali ku msonkhano kunyanja sabata yonse. Ameneyu ndi mayi yemweyo amene ndinalankhula naye dzulo lake pafoni! Kodi kunena kuti musabwere, bwana kulibe, kukanamuchotsera chiyani? Ndinagona kwa mlamu wanga ku Ndirande, m'mawa n'kubwerera chimanjamanja.

Ulendo wotsatira bwana analipo. Anayang'ana afidaviti yanga, n'kunena kuti iyi atenga isungidwe m'faelo. Ndinapempha kuti atenge yojambulitsa popeza yeniyeni ndimafuna kukaonetsa kubanki, anakana. Ndinabwereranso kwa loya, kukalipiranso. N'chifukwa chake ndikuti pangitsani angapo tsiku limodzi.

Chimene chinandiwawa koposa si ndalama ya loyayo ayi. M'kaundula wawo wa pakompyuta, ine ndi bambo aja tinali munthu mmodzi: mzere umodzi, dzina limodzi, pansi pake mabuku a masamu ndi nkhani zanga zili pamodzi ngati nyemba ndi nandolo m'thumba limodzi. Palibe amene anadabwa. Ndipo bwanayo anayankhula ngati wolakwa ndine, akuti bwanji munasankha mayina awiri. Pamene kontirakiti yanga yoyamba, yokhala ndi siginecha yanga ndi nambala ya akaunti yanga, inali m'kabati momwemo, kumbuyo kwake.

Ndaiwala kunena za TPIN, nambala ya munthu wolipira msonkho. Tengani yanu ya ku MRA, chifukwa pa ndalama za mabuku amadulapo msonkho asanakupatseni, ndipo msonkho wa buku langa loyamba unalembedwa pa nambala ya munthu wina. Kukonza zimenezo inali ntchito inanso payokha, yofuna kalata yochokera kwa wosindikiza yemweyo.

Loya amene anandilembera afidaviti ndiye anandifotokozera chinthu chimene alembi ambiri sitichilabadira. Pangano la Berne, la mayiko loteteza ntchito za alembi, limene Malawi analowa mu 1991, limati ngati dzina lolembera likubisa mwini wake, wosindikiza amene dzina lake lili pabuku ndiye amaonedwa ngati woimira mlembi. Komanso zaka 50 za chitetezo zimawerengedwa kuyambira pamene buku latuluka, osati pamene mlembi wamwalira, pokhapokha mlembiyo atadziulula. Ndiye ganizirani ana anu, inu kulibe, akukauza ofesi ngati imeneyi kuti dzina lija anali bambo athu, alibe pepala lililonse m'manja. Ndinauza wosindikiza awonjezere tsamba pa kontirakiti ya buku lachiwiri, lokhala ndi mayina onse awiri ndi nambala ya chiphaso. Mukamakalembetsa ntchito zanu ku COSOMA, bungwe loteteza ntchito za alembi ndi aluso ena, kumenekonso perekani mayina onse awiri, ndi afidaviti ina m'manja.

Nanga ndalama zimene zinapita kale? Ofesi inati singazilande kwa munthu, ndikambirane naye ndekha, koma nambala yake ya foni inakana kundipatsa. Ndinawapeza kudzera mwa mphunzitsi mnzanga wa ku Ntcheu amene amagwiritsa ntchito mabuku awo. Bambo aja ndi munthu waulemu kwambiri. Sankadziwa n'komwe kuti m'ndalama zawo munalowa za wina, chifukwa pepala limene amalandira limangoonetsa chiwonkhetso, osatchula buku lililonse palokha. Analemba kalata yovomera kuti buku la nkhani si lawo, ndi kuti ndalamazo zidulidwe pa malipiro awo otsatira. Kalata imeneyo ndiyo inatsegula zonse.

Tinagwirizananso kuti iwo aziika dzina lawo lapakati pachikuto. Njirayi ndi yakale: mu 1899 Winston Churchill wa ku Britain analembera Winston Churchill wa ku America, amene anali wolemba mabuku a nkhani wotchuka nthawiyo, kumuuza kuti iye azisayina Winston Spencer Churchill kuti owerenga asasokonezeke. Anthu awiri okhala kutsidya ndi kutsidya kwa nyanja yamchere anathetsa nkhaniyi ndi makalata, pamene ife ofesi imodzi inalephera kutisiyanitsa.

Pomaliza ndinapempha kuti kuyambira tsopano pepala la malipiro lizionetsa buku lililonse ndi ISBN yake ndi makope amene agulidwa. Anayamba anyinyirika, akuti ndi ntchito yambiri, koma ndinakana kuchoka mpaka atalemba lonjezolo ndi kulidinda. Inunso mukafika pamenepo musavomere za pakamwa, ndipo afidaviti yotsala ija muisunge kunyumba pamodzi ndi makontirakiti, pamalo amene akwanu akuwadziwa.