Sabata imene ana a atachimenti anatumizidwa kukayeza nkhuni

Mwezi wa Febuluwale fakitale ya tiyi kuno ku Mulanje sigona. Mathirakitala amatula masamba mpaka usiku, ndipo makina onse amayenda osapuma. Lolemba ndi Lachiwiri zinali zozolowereka: lamba wa conveyor kuduka, ma bearing a mafani ofotetsera masamba kulira, kupita ku sitolo ya zipangizo n'kukauzidwa kuti oda yathu ikudikirabe ndalama zakunja. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, yankho lake ndi lomweli, moti ntchito yathu yasanduka yochotsa chitsulo pa makina awa n'kukaveka awo.

Chaka chino tili ndi ophunzira atatu a uinjiniya amene abwera pa atachimenti, anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi. Mafakitale a kuno amalandira ana otere kuchokera ku MUBAS, ija tinkaitcha Poly, komanso ku MUST ya ku Ndata ku Thyolo. Atatuwa akuchita lendi zipinda pa tauni yapafupi ndi ndalama za makolo awo. Kampani sikuwapatsa kalikonse. Nsapato zachitetezo ndinawapemphera tsiku lomwe anafika, pepala lake lidakali pa desiki ina yake kumtunda.

Lachitatu usiku magetsi anathima, jenereta inanyamula, kenako magetsi atabwerera tinabwezeretsa fakitale pa laini. Zonse zinadzuka kupatula fani yaikulu ya drier, makina oumitsira tiyi. Mota inkangong'ung'udza osazungulira. Anzanga a m'mafakitale mukudziwa tanthauzo lake: masamba adutsa kale mu CTC, makina odula ndi kupera masamba, akufiira, ndipo sadikira munthu. Akapitirira nthawi yake tiyi amazilala, ndipo ogula ku okushoni ya ku Limbe amazindikira pongolawa.

Ine ndinali ku boyila. Pofika ku panelo ndinapeza fita wathu wamkulu, bambo amene akalambira m'fakitale muno, atagwira sikuludilaiva akufuna kukanikiza contactor, swichi yopatsira mota magetsi, kuti mota idzuke mokakamiza. Mtsikana uja anali ataima patsogolo pawo.

"Madala, pepani, musakanikize kaye. Kulira kumeneku ndi kwa mota imene phase imodzi sikufika."

"Iwe mwana, makinawa ndinayamba kuwagwira usanabadwe."

Mtsikanayo atandiona anati, "Bwana injiniya, ndiloleni ndiyeze, sindichedwa." Ndinamupatsa mita yanga n'kuima pambali pake. Polowera, mawaya onse atatu, ma phase atatu a motayo, ankaonetsa 400 V bwinobwino. Potulukira pa contactor, imodzi kulibe. Tinazimitsa, n'kukhoma loko pa isolator, swichi yodulira magetsi, ndipo titatsegula tinapeza contact yapakati itapsa yakuda bii. Choopsa china n'chakuti overload ya mota imeneyo, chida choizimitsa ikamakoka magetsi opyola muyezo, inalumphitsidwa ndi waya kumayambiriro kwa sizoni, chifukwa yatsopano m'sitolo munalibe, ndipo lipoti langa la nkhaniyi silinayankhidwe mpaka lero. Akanakanikiza madala aja, palibe chimene chikanaiteteza. Mota ikanapsa, ndipo kukulungitsanso mawaya ake ku Blantyre pakati pa sizoni si nkhani ya tsiku limodzi.

Tinakazula contactor pa fani ya trough yofotetsera masamba imene inalibe kanthu. Anaimanga ndi madala omwewo, mtsikanayo akuwagwirira tochi ndi kuwerenga manambala a mawaya. Fani itadzuka, madala anangoti, "Aphunzitsidwa bwino ameneyu," n'kubwerera ku workshop. Kwa iwowo amenewo ndi mawu ambiri.

Lachinayi m'mawa ndinalemba zonse mu lipoti, dzina la mwanayo ndi zimene anachita. Ndinkayembekezera kuti mwina nsapato zija zituluka. Masana kunabwera kalata yochokera ku ofesi yaikulu. Ophunzira asalowenso m'chipinda cha mapanelo kapena kuyandikira makina oyenda, poti alibe inshuwalansi ndi zovala zachitetezo. Kuyambira tsiku lomwelo azikathandiza kuyeza nkhuni za bulugamu zolowa ku boyila.

Ndinapita kukaonana ndi bwana wake wa kalatayo. Ndinati, "Bwana, zovalazo amene sanagule ndi ife." Anandiyankha mwaulemu ndithu kuti bajeti ya chaka chino mulibe ophunzira, ndipo kampani ikuwachitira kale chifundo powalandira. Za overload ija sanatchule n'komwe. Ndinatuluka mutu ukuwira.

Chimene chikundipweteka si nsapato zokha. Mwana wa uinjiniya akamaliza digiri amakalembetsa ku Malawi Engineering Institution, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ndipo kuti adzatchedwe injiniya wovomerezeka amayenera kuonetsa ntchito yeniyeni imene wagwira pansi pa injiniya wina. Ulendo umenewo umayambira pa atachimenti. Kumeneko n'kumene amadziwira kusiyana kwa star-delta (njira yodzutsira mota) ya pa bolodi ndi ya m'panelo yodzaza fumbi la tiyi, n'kumenenso amapezera munthu woti adzamulembere kalata pofunsira ntchito. Ndiye mu logbook mwake ndilembemo chiyani, kuti wadziwa kuyeza mulu wa bulugamu? Akuluakulu omwewa pamisonkhano amadandaula kuti ana a ku yunivesite amangodziwa za m'buku. Ukamuletsa mwana kulowa m'munda, usamadabwe akalephera kugwira khasu.

Komatu ntchito ya ana amenewa kuno ilipo yochuluka. Mitsinje yotsika m'phiri la Mulanje ikupukusa kale magetsi, pa Ruo ndi pa Lichenya ku Bondo. Mipope ya madzi otsika okha kuchokera m'phiri imafuna anthu odziwa kuwerengera kuthamanga kwa madzi. Milatho ndi misewu imene namondwe Freddy anakokolola mu Malichi 2023 inaonetsa poyera kuti maboma athu ano akusowa mainjiniya okhala pafupi. Mafakitale a tiyi eniakewo ali ndi mafita okalamba amene akapuma adzapita ndi nzeru zawo zonse, popeza palibe anazilemba.

Lachisanu linatha ndi kusintha ma roller a CTC ndi kutsuka machubu a boyila imodzi. Madzulo atatu aja anabwera ndi ma logbook awo kuti ndisaine. Mwa mtsikana uja ndinalemba tsamba lathunthu la zimene zinachitika Lachitatu, ndi chithunzi cha waya wa panelo chimene anajambula yekha. Mwa anyamatawo ndinalemba za pampu yothira madzi mu boyila imene tinaphwasula limodzi Lachiwiri. Za nkhuni sindinalembe.

Kalata ija ikunena za mapanelo ndi makina oyenda m'fakitale, za workshop sikutchula. Sabata yamawa kuli kunola ma roller amene tachotsa, ndipo ndawaika onse atatu pa ndandanda, azikaonerera ndi kuyeza mano ake. Madala aja alonjeza kubwereketsa mtsikanayo nsapato za mwana wawo, akuti saizi ikufanana.